Kusudzulidwa M'nyengo ya Ngumbi

Ntchito yanga ndi kufufuza chibale cha tizilombo. Ndikatero anthu amaseka, ndipo ine ndinasiya kalekale kukwiya nazo. Ndimaphunzitsa pa yunivesite ina, ndipo chaka chilichonse tsiku loyamba ndimalowa m'kalasi ndi kambale ka ngumbi zokazinga, n'kugawira amene akhala kutsogolo. Akayamba kutafuna ndimawauza kuti zimene akudyazo ndi mphemvu. Sindinena kuti zimafanana ndi mphemvu ayi. Ndimati ndi mphemvu ndithu, nthambi imodzi ya banja la mphemvu imene inaphunzira kudya mitengo ndi kumanga chulu. Wina amalavula, wina amati, "Aa, aphunzitsi, musatinyanse m'mawa uno!" Pamenepo m'pamene ndimayambira phunziro, lakuti kufanana nkhope si chibale. Chiswe chimaoneka ngati nyerere, koma abale a nyerere ndi mavu ndi njuchi. Abale a chiswe ndi mphemvu za m'kabati mwanu, ndipo msuweni wake ndi chiswamphika.

Ntchito yomweyi ndi imene inandifikitsa ku Thyolo ndili mnyamata. M'maesiteti a tiyi, m'makhwawa momwe sanathe kulima, munatsala timankhalango takale, ndipo m'zipika zowola za m'menemo ndinkafunamo mphemvu za m'tchire. Tsiku lina ndikung'amba chipika m'mbali mwa njira, mtsikana wina wochokera kophunzitsa pa sukulu ya pa esiteti anaima n'kundiyang'ana, choko chili mbuu m'manja.

"Achimwene, mwataya chiyani m'chipikamo?"

Ndinati ndikufuna mphemvu.

"Mphemvu? Ndiye mukuvutikiranji? Bwerani kwathu ndi thumba, tikupatsani zaulere."

Ameneyo ndiye anadzakhala mkazi wanga. Kwawo kunali kwa Changata, makolo ake Alomwe, moyo wawo wonse wothyola tiyi. Ndinamutenga kupita naye kutauni, ndipo tinabereka mwana mmodzi yekha, wamkazi. Mwanayo kumudzi ankangokudziwa pa holide. Akadya kalongonda ankakwinya nkhope, agogo ake n'kumaseka kuti tabereka mzungu.

Mkazi wanga anadwala kanthawi kochepa n'kumwalira mvula isanayambe. Mwana anali mu sitandade folo. Maliro tinakaika kwawo, monga mwa mwambo. Ine sindinalire. Ndikunena izi osati modzitama, koma chifukwa ndi mmene zinalili. Kumanda, amayi a kumpingo akuimba, maso anga anali pa kachilombo kamene kankayenda pa nkhata ya maluwa, ndipo m'mutu ndinkatchula dzina la banja lake, kenako la mtundu wake. Anthu ankati bamboyu ngolimba mtima. Panalibe kulimba kulikonse, m'kati mwanga munangoti zii.

Titameta, apongozi anati mwana asachoke msanga, ayambe wakhala ndi anthu. Ndinavomera. Masiku amenewo ndinkavomera chilichonse, akanati ndisiye nsapato ndikanavula. Ndinabwerera kuntchito ndekha, ndinalembetsa mayeso, ndinachonga, ndipo anzanga anati sindinaphunzitsepo bwino ngati nthawi imeneyo. Mwina n'zoona, kaya.

Sukulu zitatsekera, mu Disembala, anandiitana kuti akandisudzule. Kusudzula ndiko kumasula munthu amene mnzake wamwalira. Akuchikazi ndi akuchimuna amakhala pansi, n'kunena poyera kuti ukwati watha, wotsalayo ndi mfulu, apite kumene akufuna. Za ufuluwo ine ndinalibe nazo ntchito. Ndinkapita kukatenga mwana wanga, basi. Ndinkadziwanso kuti nkhani yake ikakambidwa pa bwalo lomwelo, ndipo kuti kumeneko ana ndi a kwa mayi.

Ndinakwera minibasi mpaka pa boma, n'kukweranso ina ya ku Masambanjati. Mvula inali itagwa bwino, tiyi ali biriwiri mapiri onse, othyola ali balala m'mizere ndi madengu kumsana, ena atadzikulunga mapulasitiki m'chiuno chifukwa cha mame. Njira imeneyi ndinkaidziwa ngati m'thumba mwanga. Apa m'pamene mkazi wanga ankati titsegule windo amve fungo la kwawo, apo m'pamene ankakangana ndi ogulitsa nthochi. Ndinkaona malo onsewo, n'kumakumbukira bwinobwino, koma osamva kanthu. Pa Masambanjati ndinakwera njinga yamoto ya kabaza yomwe inakandisiya pamene pamathera msewu.

Mwana wanga ndinamupeza akuchokera kumjigo, ndowa ili pamutu. Tsitsi limene anametedwa linali litayamba kumera. Kutauni ndikamafika ankandithamangira n'kundidumphira m'khosi, akukuwa kuti adadi, adadi, mwandigulira chiyani. Apa anatula ndowa mosamala, n'kubwera kudzagwada patsogolo panga.

"Mwayenda bwanji, abambo?"

Ndinati ndayenda bwino. Ndinamugwira pamutu, iye n'kudikira mpaka nditachotsa dzanja, kenako anadzuka kukalowetsa madzi.

Amene ankamusunga anali mng'ono wake wa mkazi wanga, amayi ake aang'ono. Mayi ameneyu mawu ake ndi a malemu enieni. Akaitana nkhuku kuseri kwa nyumba ine ndinkatembenuka. Ankagona mphasa imodzi ndi mwanayo, ndipo kulikonse kumene wapita, kudimba, kuchigayo, mwana ali pambuyo. Mwanayo ndinamumva akuyankha agogo ake m'Chilomwe, mawu awiri atatu, mosadodoma.

Dzulo lake ngumbi zinali zitatuluka zambiri. Amayi a pakhomopo anali atazipeta kale mapiko n'kuzikazinga, ndipo masana amenewo anatiikira m'mbale pakhonde, ine ndi alamu anga, mchimwene wake wamkulu wa mkazi wanga. Iwowa ndiwo atsibweni a mwana wanga, mwini mbumba, amene mawu awo amamanga nkhani pakhomopo. Ndi kapitawo pa esiteti, ndipo anafika atavalabe majombo, akununkha masamba a tiyi. Ndisaname, ndi munthu wabwino. Sitinayambanepo. Kuchipatala ankabwera ndi phala m'fulasiki, ndipo ndiwo anandigwira mkono pamene bokosi linkatsika.

Tinakhala nthawi yaitali tikungotafuna. Ndikuganiza kuti chete wanga ankawaopsa, ndiye anafuna kundiyankhulitsa, monga umachitira ndi wodwala kuti adye.

"Koma alamu," anatero akuseka pang'ono, "zija mumanena zija, zoti ngumbi ndi mphemvu. Malemu ankatiuza, ife kuseka mpaka nthiti kuwawa. Inu mumadziwa bwanji? Zinakuuzani zokha?"

Abale inu, pakamwa panga panatseguka pokha. Munthu amene sindinathe kuyankha bwino moni wa mwana wanga ndinayamba kuphunzitsa ngati ndili kutsogolo kwa bolodi. Ndinawauza kuti mphemvu imaikira mazira m'kachikwama, kaja mumakaona italendewera nako kumbuyo, chiswamphika nachonso chimodzimodzi, ndipo kudziko lina lakutali kuli chiswe chamtundu wakale chimene mpaka lero chimaikira mazira ake mophatikana choncho. Ndinawauza za mphemvu zina zodya mitengo, zimene m'mimba mwake muli tizamoyo tosaoneka ndi maso togaya mtengowo, tomwe tilinso m'mimba mwa chiswe, ndipo ana amatilandira podya zochokera kwa makolo awo. Alamu ankagwedeza mutu, akutola ngumbi imodziimodzi.

"Zimenezo ndi za maso," ndinatero. "Koma masiku ano timawerenga za m'kati. Timathyola kamwendo kamodzi, n'kukapera ku labu, n'kutulutsa chimene amati DNA. Ndi ngati chingwe chimene chinalembedwa za makolo onse a chamoyocho. Tikayala chingwe cha ngumbi pambali pa cha mphemvu, timaona pamene agogo awo anasiyanirana."

"Oo. Ndiye kuti kalikonse kali ndi mtundu wake."

"Kalikonse. Ndipo pali kachingwe kena kakang'ono kamene ife timakonda kuyambira, chifukwa n'kosavuta kuwerenga. Kameneko sikasakanikirana. Kamachokera kwa mayi yekha. Mayi anakatenga kwa mayi ake, iwonso kwa mayi awo, mpaka kalekale."

"Nanga ka bambo?"

"Ka bambo sikalowa. Kamathera pakhomo pa dzira."

Alamu anasiya kutafuna. Anayang'ana kubwalo, kumene mwana wanga ankathandiza amayi ake aang'ono kusenda chinangwa.

"Zimenezi ndi za tizilombo tokha?"

"Ayi, ngakhale anthu."

"Ndiye mwana uyo, kachingwe kakeko n'ka malemu."

"N'ka malemu. Malemu anakatenga kwa apongozi. Inunso munakatenga kwa apongozi omwewo. Ndiye kuti kanu ndi ka mwanayo n'kamodzi."

"Ndi kanu?"

"Kanga n'kosiyana. Kanga n'ka kwathu ku Dowa."

Ndinayankha choncho, molongosoka, ngati mwana wasukulu wandifunsa funso labwino. Alamu anangoti, "Oo." Anapukuta mafuta a ngumbi pa thalauza, n'kutembenukira kukhomo kumene apongozi anakhala, n'kuyankhula nawo m'Chilomwe kanthawi ndithu. Chilomwe changa n'cha moni basi, koma mawu akuti labu ndinawamva.

Ndinadziwa nthawi yomweyo chimene ndachita. Ndinadziwanso chimene chinatsala kuti ndinene, chifukwa m'kalasi ndimachinena chaka chilichonse. Kachingwe ka mayiko n'kakang'ono zedi. Chingwe chachikulu, chimene chimaumba chamoyo chonse, chimachokera theka kwa mayi, theka kwa bambo, ndipo wofufuza amene amamanga chibale pa kachingwe ka mayi kokha amalakwitsa, ine ndimamulepheretsa mayeso. Makutu a mwana uja ndi anga. Mpata wa m'mano ake ndi wa mayi anga ondibereka. Mawu onsewa anali m'mutu, ondondozana bwino. Koma ndinaona ngati ndi ambiri, ngati mtunda woti ndiyende wapansi nditasenza katundu. Ndinatola ngumbi zina n'kuika m'kamwa.

Sindikunena kuti ndikanakhala chete zinthu zikanasintha. Anthu aja anali atagwirizana kale ine ndisanakwere minibasi. Kungoti ankada nkhawa kuti munthu wophunzira avuta, abwera ndi Chingerezi ndi malamulo. Ine ndinawachotsera nkhawayo ndi pakamwa panga.

M'mawa mwake anafika achimwene anga kuchokera ku Dowa, amene anali nkhoswe ya ukwati wathu. Tinakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, amuna pa mipando, amayi pa mphasa. Anatsegula ndi pemphero. Kenako alamu anayankhula, ndipo anayankhula bwino. Anati mlendo uyu tinamulandira ndi manja awiri, mlongo wathu anamusunga, anamudwazika, anamubweretsa kwawo mwaulemu. Palibe mlandu. Ukwati sunathe ndi ndewu, wathetsa ndi Mulungu. Kuyambira lero ndi mfulu, akafuna kukwatira akwatire, ndipo pakhomo pano asadzaope kupondapo. Amayi anaomba m'manja pang'onopang'ono.

Anatulutsa sutikesi ya zovala za malemu, imene ndinabwera nayo pa maliro, n'kuyamba kugawa. Diresi lobiriwira limene anavala pa tsiku limene ndinalandira digiri yanga yomaliza linapita kwa msuweni wina amene sindinkamudziwa n'komwe. Ndinaliyang'ana likupindidwa. Ndinaona kuti njenjete zaboola pa kolala, ndipo ndinayamba kuganiza kuti ndi njenjete zamtundu uti.

"Tsopano nkhani ya mwana," anatero alamu.

Anati mwana wamkazi akukula, posachedwa afuna amayi omulangiza. Anati bambo ali yekha kutauni, amachoka m'mawa kubwera madzulo, nthawi zina amapita m'tchire sabata yathunthu kukafuna tizilombo. Zonsezo zinali zoona. Kenako anati, mosanyoza, mwaulemu ndithu, ngati akundiyamikira:

"Ndipo tisavutike kukangana, chifukwa alamu anatifotokozera okha dzulo. Ngakhale kusukulu kwawo, akapima ndi makina, amapeza kuti mtundu umatsata mayi. Zimene makolo athu ankanena, iwo anaziona ndi maso. Mwanayu ndi ine chingwe chathu n'chimodzi."

Anthu anang'ung'udza movomereza. Gogo wina anati, "Eya, chibale ndi fupa, sichiwola." Ndinayang'ana achimwene anga kuti mwina anena kanthu. Iwo anakanda m'mutu n'kuti, kunena zoona, ngakhale kwathu ku Dowa mwambo ndi womwewu, sitingabwere kuno kudzaphwanya zimene ifenso timatsata. Achimwene anga ndi munthu woopa mikangano chibadwire, ndipo ankafuna kupeza basi ya masana.

Anandifunsa ngati ndili ndi mawu.

"Ndimafuna ndipite naye," ndinatero.

Ndinanena kamodzi kokha, ndipo mawuwo anatuluka opanda mphamvu, ngati ndikupempha mchere. Alamu anayang'ana pansi. Ndikukhulupirira kuti ndikanamenya pa mpando, ndikanalira, ndikanaimirira n'kukuwa kuti uyu ndi mwana wanga, bwenzi atagwedezeka, chifukwa si anthu ouma mtima. Koma anaona munthu amene wanena mawu ongokwaniritsa mwambo, ndipo sindingawadzudzule.

Amayi aang'ono aja ndiwo anati, "Bwanji timufunse mwini wake?"

Anamuitana. Anabwera n'kugwada pafupi ndi amayi akewo, dzanja limodzi litagwira nsonga ya chitenje chawo. Alamu anamufunsa mofatsa ngati akufuna kupita ndi abambo ake kutauni kapena kukhala. Funso lotere si lofunsa mwana pamaso pa anthu, ndipo aliyense pamenepo ankadziwa. Anakanda dothi ndi chala.

"Kaya," anatero.

"Yankhula, mayi, palibe akukalipire."

"Ndikhale kaye."

Sanandiyang'ane. Ine ndinkayang'ana dzanja lake pa chitenje chija. Mnzanga wina wa kuntchito anali atandiuza ndisananyamuke kuti malamulo a dziko ali kumbali yanga, kuti nditapita kukhoti mwana angandipatse. Mwina n'zoona. Koma khoti silikanabwera kudzamasula zala zimenezo, ndikanamasula ndine, chimodzichimodzi, iye akulira m'mawu amene sindimva. Kuti ndimutengere kunyumba kumene ine mwini ndinkadya chiimirire, nyali osayatsa. Ndinafufuza m'kati mwanga mphamvu yochitira zimenezo, sindinaipeze.

Anagwirizana kuti alowa sukulu ya pa esiteti, yomwe mayi ake ankaphunzitsa kale, ndipo pa holide ndizibwera kudzamuona, akakula adzasankha yekha. Atatseka nkhani onse anaomba m'manja. Ndinazindikira kuti nanenso ndikuomba.

Tinadya. Achimwene anatsogola kuti akapeze basi yawo. Ine ndinatsalira pang'ono, ndikuyendayenda pabwalo ngati ndaiwala chinthu. Nditatsanzika apongozi, amayi aang'ono aja anaitana mwana.

"Iwe, tenga chikwamacho, uwaperekeze abambo ako."

Anasenza chikwama changa pamutu. Ndinati chikulemera, ndipatse, iye anati ayi, si bwino. Tinatsika kanjira kodutsa m'munda wa nandolo, n'kulowa m'tiyi, iye patsogolo ine pambuyo. Njira za m'tiyi n'zopapatiza, simungayende awiri mogundana mapewa. Ndinkayankhula ndi msana wake. Ndinati ndibwera Pasaka isanafike. Ndinati ndimutumizira mabuku ake ndi juzi yake yofiira, chifukwa kuno kukayamba chiperoni kumazizira. Ndinamufunsa ngati akufuna china. Ankangoti, "Eya," kapena, "Ayi, zikomo." Othyola tiyi ena anatipatsa moni, iye n'kuwayankha m'malo mwanga.

Pamsewu panali wakabaza akudikira pansi pa bulugama. Mwana wanga anatula chikwama, n'kundipatsa ndi manja awiri. Kenako anapinda mawondo pang'ono, monga anamuphunzitsira kuchitira alendo, n'kunena mawu amene mwana aliyense wa pamudzipo amanena akafika pothera kuperekeza.

"Muyende bwino. Mukapereke moni kwanu."

Kwanu. Nyumba imene anaphunziriramo kuyenda, imene bedi lake linali loyalabe, imene pachitseko cha bafa pali mizere ya pensulo yomwe mayi ake ankamuyezera msinkhu. Sananene mwachipongwe, sanadziwe n'komwe kuti wanena kanthu. Ndipo kunyumbako kunalibe munthu woti ndikamupatse moniwo.

Pamenepo m'pamene zinandipweteka, koyamba chimwalirire mkazi wanga. Ndinagwira chishalo cha njinga, osakwera. Wakabaza anandifunsa ngati ndili bwino. Mwana anali chiimire, manja kumbuyo, akudikira yankho kuti abwerere, chifukwa mlendo asanayankhe suchoka.

"Zikomo, mayi," ndinatero. "Akamva."